Nyalongwe Sadutsidwa

Mukafika pa msika wa Nkhata Bay n'kufunsa za Fyness Longwe, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mukati Nyalongwe, zala zonse ziloza ku mzere wa usipa wouma, pa benchi yoyamba. Yoyamba ndithu, chifukwa mayi ameneyu chibadwire sanavomerepo kukhala wachiwiri pa chilichonse. Ine ndine Lucia, ndimagulitsa chinangwa moyang'anizana naye kuyambira tonse tili ndi ana kumsana, ndipo makutu anga anatopa kalekale ndi mbiri yake.

Anabadwira ku Chikale, ali mapasa. Iye ndiye anayamba kutuluka, ndipo nkhaniyi amaikamba ngati anachita kukonzekera. Mlongo wake George, amene anabadwa naye limodziyo, mpaka tsiku lomwalira ankangoti, "Ameneyu anandiponda pamutu." Bambo awo anali mmodzi mwa azibambo aja ankapita ku Joni n'kubwerako ndi jekete, wailesi ndi njinga. Jekete linadyedwa ndi njenjete, wailesi inafa, koma njinga inatsala, yakuda, yolemera ngati chitseko cha tchalitchi. Anagulira George. Amene anaiphunzira mobera ndi Fyness, ndipo zipsera za m'mawondo akadali nazo.

Mwamuna wake nayenso anapita ku Joni, koma uyo sanabweretse jekete, ngakhale mwini wakeyo sanabwerenso. Fyness anatsala ndi mwana mmodzi, Cyrus, ndi njinga ija. Ndiye anayamba kumanga dengu la usipa pa kaliyala n'kumakwera chitunda chotulukira m'tauni muno kukagulitsa ku Mpamba. Amene amachidziwa chitunda chimenechi andimvetsa. Minibasi zimachita kulira, anyamata a kabaza amatsika n'kumakankha. Nyalongwe ankakwera ali pa chishalo, mwana kumsana, pakamwa pali nyimbo ya Umanyano, gulu lathu la amayi a ku tchalitchi. Kudutsidwa ndi galimoto ankalola, akuti iyo ndi injini, si munthu. Koma akangomva belu la njinga inzake kumbuyo, miyendo inkapenga yokha. Tsiku lina anapitirira Mpamba mpaka kutsala pang'ono kuona Mzuzu, chifukwa bambo wina wa makala ankakana kugonja. Usipa wa tsiku limenelo anakagulitsa kwa anthu osawadziwa, koma anabwera akuseka.

Cyrus atakula anakwatira Temwa, mtsikana wa ku Usisya, kenako anatsata msewu wa makolo ake wa ku Joni. Iyeyu bola, amaimba foni. Temwa anali wowonda, wachete, woleredwa ndi azakhali okhwima mwambo. Madzi ankapereka atagwada. Popita ku tchalitchi ankayenda pambuyo pa apongozi ake, ndipo Nyalongwe akaima kuti akambe ndi munthu, nayenso ankaima pomwepo ngati mbuzi yomangidwa. Kwawo anamuuza kuti mtengwa sapita kutsogolo kwa apongozi, ndipo anazimeza zonse osatafuna. Nyalongwe zimenezi zinkamukomera kwambiri, koma kuyamikira ayi. Ngakhale dzina la mwanayo sankalitchula. Ankangoti "mkazi wa Cyrus", ngati akunena katundu amene Cyrus anasiya kuti amusungire.

Temwa anapatsidwa njinga yachiwiri ndi dengu lachiwiri, n'kumatsata apongozi ake ku Mpamba. Palibe ankadziwa liwiro lake, poti munthu amene sadutsa mungamuyeze bwanji? Zinaululika tsiku lomwe Nyalongwe anagwa ndi malungo, Temwa n'kuthamangira mankhwala yekha. Pa chitunda paja panali Ada Mackford Mphande, kalaliki wopuma ntchito amene amathera tsiku akuonera mipikisano ya njinga ya kunja pa foni. Akuti anangoona chitenje chikudutsa, nyuzipepala n'kugwa m'manja.

Chaka chomwecho bungwe lina la masewera linabweretsa mpikisano wa njinga wa amayi, wa masiku atatu. Nthawi za masiku onsewo ankaziphatikiza, ndipo wothamanga kuposa onse akanalandira njinga yeniyeni ya mpikisano n'kutengedwa kupita ku Lilongwe kukaphunzira ndi timu yaikulu. Malo anali amodzi okha. Ada Mackford anapita kwa Temwa. Temwa anangoyang'ana pansi, koma ine ndinaona kuti maso ake ayaka. Nkhani inapita ku Joni pa foni, ndipo chigamulo chinabwera chotere: akapambana apite, akalephera zamasewerazi zithere pomwepo, akhale pa benchi ndi Ama mpaka kalekale. Mawuwo anali a Cyrus, koma tonse tinamva fungo la usipa. Nyalongwe sankafuna kutaya womutembenuzira nsomba pa thandala.

Vuto linali loti mpikisanowu unali wa matimu, anthu atatuatatu. Ada Mackford ankafuna munthu wamphamvu, wotambalala msana, woti azikhala kutsogolo kumutchingira Temwa mphepo. M'boma lonse lino msana wotero ulipo umodzi. Anapita kwa Nyalongwe chipewa chili m'manja, ndipo atangotchula mawu oti kutsogolo, mayiyo anavomera osadikira kumva zotsala. Ine ndinalowa chifukwa ndinamva kuti kuli majezi aulere, ndipo sindichita nazo manyazi.

Maphunziro ake anachitikira pa benchi. Ada Mackford anatenga usipa utatu n'kuundanda pamzere.

"Uyu wamkuluyu ndinu, Ama. Mphepo yonse ikuthera pa inu. Uyu wapambuyoyu ndi Temwa, akungopuma, mphamvu akusunga. Uyu wopindikayu ndi Lucia, ntchito yake madzi, ndipo njinga ya Temwa ikavuta apereka yake."

"Wopindikayo bwanji akhale ine?" ndinafunsa, koma Ada Mackford anangopitiriza.

"Sonu tikayandikira pamzere womaliza, inu Ama mupatuka, Temwa adutsa."

"Adutsa ndani?" anafunsa Nyalongwe.

Ada Mackford anakhosomola. Temwa anayamba kusesa pansi pamene panali posesa kale. Nthawi yomweyo khwangwala anatera n'kunyamula usipa wapakati uja, ndipo Nyalongwe anati, "Mwaona? Ngakhale mbalame yakana."

Tsiku loyamba tinanyamukira pamsika kupita ku Chintheche, pa njinga za magiya zomwe bungwelo linatibwereka. Nyalongwe anavala jezi, kabudula wothina wa mpikisano, kenako chitenje pamwamba, akuti iye si mwana wa sukulu. Timu yoopsa inali ya ku Mzuzu. Mtsogoleri wawo, Olivia, anali ndi magalasi akuda ndi miyendo yooneka kuti sinanyamulepo dengu. Atsikana amenewo ankadziwa ntchito. Ankasinthana kutsogolo bwinobwino ngati amayi osinja mtondo umodzi, uyu akatopa wina n'kulowa. Ife za kusinthanazo tinalibe, chifukwa munthu wathu wakutsogolo sankachokapo.

Mwera unkatiwomba kumaso. Tisanafike n'komwe ku minda ya labala, kumene amagulitsa mipira m'mbali mwa msewu, mpikisano wonse unali utazindikira kuti malo abwino kuposa onse ndi kumbuyo kwa Nyalongwe. A ku Mzuzu anasiya kusinthana kwawo kuja n'kudzabisala kumeneko. A ku Nkhotakota nawonso. Tinandandana mzere wautali ngati anapiye, iye ali kutsogolo akuimba, osadziwa kuti wabereka adani ake omwe. Ine ndinkabwerera kwa Ada Mackford, amene ankatitsata pa njinga yamoto ya hayala, kutenga mabotolo a madzi n'kuwalonga m'jezi. Pofika kutsogolo theka ndinkakhala nditamwa ndekha.

Pa Chintheche mzere utaonekera, Ada Mackford anakuwa mpaka mawu kusasa. "Temwa, sonu! Tsopano! Sonu!" Temwa anatuluka pang'ono kumbuyo kuja, teyala lake n'kufanana ndi la apongozi ake, kenako tonse tinamva mabuleki akulira. Anagwira mabuleki, anthuni, pa mpikisano! Olivia anamuzungulira, ena awiri anamuzungulira, koma Nyalongwe sanamupeze. Mayiyo ndiye anawina tsikulo. Anamupatsa jezi yachikasu ya wotsogola, ndipo itakana kulowa anaimanga kumutu ngati duku.

Ada Mackford anakhala pansi m'fumbi, thalauza lawo losita osalikumbukanso. Temwa anagwada patsogolo pawo akulira.

"Ada, pepani ukongwa, pepani kwambiri. Kweni ndiwadutse bwanji Ama anthu onse akuona? Ku Usisya akamva ati ndinaleredwa ndi ndani?"

Ine ndinapsa mtima, ndipo sindinadziwe kuti ndipsere ndani, mwanayo kapena azakhali ake.

Tsiku lachiwiri linali lopita ku Tukombo n'kubwerera ku Chintheche. Titapitirira Kande tinapeza masamba atayalidwa modula msewu. Maliro. Apa palibe za mpikisano, aliyense anatsika n'kuyamba kukankha njinga mwakachetechete. Ngakhale Olivia anavula magalasi. Nyalongwe anafunsa mayi wina amene anaima m'mbali kuti watisiya ndani, ndipo anamva kuti ndi mayi ake a msodzi amene ankamupatsa usipa pa nthawi imene Cyrus anali khanda. Anatsamiritsa njinga pa mtengo wa mango, n'kukonza chitenje, n'kulowera ku nyumba ya siwa, jezi yachikasu ili kumutu. Ada Mackford anatsegula pakamwa, koma pa maliro sungakuwe.

Titadutsa masamba a mbali inayo, Temwa anakwera njinga, n'kuyang'ana kutsogolo. Kunalibe apongozi. Anayang'ananso kuti atsimikize. Zimene ndinaona pamenepo sindidzaziiwala. Mwana uja anawerama pa mahandulo n'kuchoka ngati wakumbukira kuti wasiya ndiwo pamoto. A ku Mzuzu anayambiranso kusinthana kwawo, atatu kulimbana ndi mmodzi, koma ankangomuonera patali. Pobwerera, ine ndikadali kupita, ndinamupeza ataima, teyala litaphwa. Ndinatsika, ndinamupatsa njinga yanga, ndinamukankha kumsana. Umu ndi mmene usipa wopindika unathera mpikisano wake, ndipo ndinabwerera pa lole yotola otsalira, ndikudya nthochi.

Temwa anawina tsikulo n'kubweza pafupifupi nthawi yonse imene anataya dzulo lake. Oweruza anati Olivia akadali patsogolo, koma ndi kachidutswa kochepa kwambiri moti mwa awiriwa, amene adzayambe kuponda mzere mawa ndiye watenga zonse. Nyalongwe anafika anthu akulongedza mipando, maso ali ofiira. Za kupambana mpikisano wonse zinali zitamuthera. Anamuvula duku lija n'kupatsa Olivia, koma iye anakana kuti anadutsidwa.

"Ini cha, ine ayi. Munthu ali pa maliro mungati mwamudutsa? Mwangopitirira njinga."

Madzulo ake, pa sukulu imene tinkagona, Ada Mackford anayesa njira zonse. Anatchula mutu umodzi wosasenza denga, anatchula chala chimodzi chosaswa nsabwe, anatsala pang'ono kutsegula Baibulo. Anafotokoza kuti Nyalongwe akawina tsiku lamawa, Olivia n'kukhala wachiwiri, Temwa wachitatu, ndiye kuti njinga ndi Lilongwe zapita ku Mzuzu. Kumusiya Temwa yekha sikukanathekanso, poti a ku Mzuzu akanamutopetsa mosinthana, ndiponso Nyalongwe ukamuuza kuti atsalire ndiye wamuthira mafuta. Iye ankangodontheza oilo pa tcheni ngati akukamba za anthu ena.

Ada Mackford atachoka ndinamuyandikira. Ine ndi iye tinadyera limodzi mavuto, ndiye sindimuopa.

"Nyalongwe, tandiuza. Chikukuopsa n'chiyani, kudutsidwa, kapena kutsala wekha pa benchi?"

Anandiyang'ana ndi diso lija amayang'ana nalo makasitomala olawa usipa osagula. Anapitiriza kuthira oilo pa tcheni chimene chinali chitakhuta kale.

Tsiku lomaliza linali lochokera ku Chintheche kudzathera pamsika pathu pano. Ine lole inanditula pamsika m'mawa, ndiye za m'njira ndinazimva kwa Temwa. Akuti a ku Mzuzu anapangana nzeru yoti azithawa mmodzimmodzi, kuti Nyalongwe aziwathamangitsa mpaka atope, Temwa atsale wopanda chotchinga. Nzeru yabwino, kungoti anaiyesa pa munthu wolakwika. Kwa Nyalongwe njinga kutsogolo kwake ndi chipongwe. Woyamba anathawa, anamubweza. Wachiwiri anathawa, anamubweza akuimba vesi lachiwiri. Amene anatopa ndi othawawo. Pofika pa mphambano yotsikira m'tauni anatsala atatu okha, Nyalongwe kutsogolo, Temwa pa teyala lake, Olivia pa teyala la Temwa.

Pamsika tsiku limenelo palibe anagulitsa kanthu. Amayi a nsomba ankamenya mabeseni, a kaunjika anakwera pa mabelo awo, asodzi a ku Chikale anabwera ndi nkhafi zawo. Mzere anaujambula ndi laimu pafupi ndi benchi ya Nyalongwe yeniyeniyo. Ndiye tinawaona akutsika chitunda. Thupi lija potsetsereka ndi mwala, chitenje chikuuluka, msika wonse n'kuyamba kuimba, "Nyalongwe! Nyalongwe!" Ine ndemwe, amene ndinkadziwa zonse, ndinapezeka ndikukuwa nawo.

Atafika pachidikha anali akadali patsogolo, ndipo zinkaoneka kuti palibe amugwire. Anali pafupi kuwina pakhomo pake, pamaso pa anthu onse amene wakhala akuwauza moyo wake wonse kuti iye sadutsidwa. Olivia anatuluka kumanja n'kuyamba kupalasa ataimirira. Teyala lake linafanana ndi la Temwa. Pakati pa phokoso lonselo ndinamva kaphokoso kamene ndinkakaopa, mabuleki a Temwa akuyamba kulira.

Nyalongwe anakamvanso. Anacheuka. Zaka zonsezi sindinamuonepo akucheuka ali pa njinga. Anaona mwana uja nkhope ili misozi yokhayokha, zala zili pa mabuleki. Kenako anapinda mahandulo kumanzere n'kukuwa ndi mawu amene anaposa mabeseni onse.

"Jumpha, mwana wangu! Dutsa, Temwa, jumpha!"

Mukuganiza kuti anangodutsa? Azakhali a ku Usisya sanagwire ntchito yachibwana. Temwa anayamba wati, "Odi, Ama," n'kupinda bondo ali pa njinga, mutu n'kuweramitsa. Ada Mackford anadziluma chipewa. Koma bondo lija powongoka linaponda pedulo ndi mphamvu yonse imene anasunga kumbuyo kwa msana wa apongozi ake, ndipo njinga inalumpha. Iye ndi Olivia anafika pa laimu ngati limodzi. Oweruza anaunjikana, anayang'ana pa foni ya wina amene ankajambula, kenako anakweza dzanja la Temwa. Anapambana ndi mphuno ya teyala.

Nyalongwe zonsezi sanazione. Munthu wotsika chitunda chija sapatuka mwaulemu. Anakalowa mu mulu wa kaunjika wa mayi Rebecca, njinga kwina, iye kwina. Pamene tinkamuvundukula anali ndi thalauza la mwana kumutu, ndipo njinga zotsalira zija zinali zikudutsa imodziimodzi. A ku Mzuzu anadutsa, a ku Nkhotakota anadutsa, anadutsanso mayi wina wa ku Chintheche amene ankapalasa ngati akupita ku chigayo. Iye anangokhala pa zovalapo n'kumawaonerera. Kenako anadzuka, anatola njinga, n'kuikankha mpaka pa mzere, msika wonse uli chete ngati pa maliro a dzulo.

Temwa anabwera ndi njinga yatsopano ija, yopepuka moti ankainyamula ndi dzanja limodzi, n'kugwada m'fumbi patsogolo pake.

"Yewu, Ama, zikomo. Pepani ukongwa."

"Dzuka, ukudetsa jezi," anatero Nyalongwe. Anamukonza kolala, n'kumupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje, ndipo dzanja lake linachedwa pamenepo kuposa mmene fumbilo linkafunira.

Cyrus ataimba foni n'kuyamba zoti mwina tiganizirenso, amayi ake anamuuza kuti chigamulo anapereka yekha, ndipo ngati akufuna womutembenuzira usipa abwere adzatembenuze iyeyo. Temwa anakwera basi ya ku Lilongwe. Masiku ano timamuona pa foni ya Ada Mackford, atavala magalasi akuda, ndipo Nyalongwe amalanda foniyo n'kuzungulira nayo mzere wonse wa nsomba, ngakhale kwa anthu amene aona kale. Anyamata a kabaza akafuna kumuputa amati, "Ama, timva kuti munadutsidwa." Iye amati, "Ndinapatuka ndekha. Bwera pa chitunda udzayese."

Ku Mpamba amapitabe, ndi dengu limodzi. Njinga yachiwiri ija ili pakhonde, ndipo anthu angapo afunsapo kuti aigule koma amakana. Tsiku lina atabwerako ndinamufunsa ngati chitunda chayamba kumulemera.

"Chitunda n'chomwechija," anatero. "Kweni kumbuyo kuli zii, Lucia. Ndinazolowera kumva tcheni chake. Ndimafika pamwamba, ndimacheuka, kulibe munthu. Ndamusowa mwana yuja."

Analira, pamsika, masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo nanenso ndinalira, chinangwa chili m'manja. Kenako panafika bambo wina n'kuyamba kulawa usipa osafunsa, Nyalongwe n'kupukuta maso kuti amuone bwino pomukalipira.